Giza yathu ndinaipha ndekha

Usiku umene siling'i ya m'chipinda chathu chogona inatigwera, giza yathu, thanki yotenthetsera madzi osamba, inali itagwira ntchito zaka 6 ndi miyezi 8, ndipo pa zaka zonsezo ndinali nditakwera kudenga kukaiona kamodzi kokha, ulendo womwenso ndinakachita chinthu chimene chinafulumizitsa kufa kwake. Chilichonse chimene chinaonongeka usiku umenewo chinali chitandichenjeza kwa nthawi yaitali, koma ine ndinkathamangira kutontholetsa chenjezolo osafunsa chimene chikulidzetsa.

Gizayo inali yamagetsi, ya malita 150, yokhala ndi elementi (chitsulo chotenthetsa madzi mkati mwake) ya makilowati 3, ndipo anaigoneka m'denga pamwamba pa khoma lolekanitsa bafa ndi chipinda chathu. Tsiku limene anaiika, pulambala anandipatsa kabuku ka malangizo ndi pepala la galanti ya zaka 5, ine n'kuziponya m'dirowa ya mapepala akale osatsegula n'komwe. M'maganizo mwanga giza inali thanki wamba yokhala ndi chotenthetsera mkati, chinthu chongoyatsa n'kuiwala ngati babu. Zaka zitatu zoyambirira zinandilimbitsa m'maganizo amenewa, pakuti madzi ankatentha bwino ndipo panalibe chodandaulitsa.

M'chaka chachinayi m'denga munayamba kumveka phokoso, makamaka m'mawa tonse tikamaliza kusamba, giza ikayamba kutenthetsa madzi atsopano. Linkamveka ngati timiyala tikugubuduzika mumgolo, nthawi zina n'kumathetheka. Amayi a kunyumba ndiwo anayamba kulimva, ndipo anati, "Abambo, m'dengamu muli chimene chikulira. Bwanji muitane munthu adzaone?" Ndinawayankha modzikhulupirira kuti ndi chitsulo chabe chimene chikufutukuka ndi kutentha, monga amachitira malata masana. Chimene sindinkadziwa n'chakuti madzi ambiri, makamaka ochokera pansi pa nthaka, amakhala ndi laimu wosungunuka, ndipo akatenthedwa laimuyo amalekana ndi madzi n'kusanduka makoko oyera, ofanana ndi amene amamatirira mkati mwa ketulo. Mu giza makoko amenewa amakuta elementi, ena n'kugwera pansi pa thanki kumene amasakanikirana ndi mchenga wobwera ndi madzi. Timadzi totsekeredwa pansi pa makokowo timawira, nthunzi n'kumaphulika potuluka, ndipo phokoso limene ndinkalinyalanyaza linali limeneli. Ndikanatsuka thanki nthawi imeneyo, ntchito yosakwana maola awiri, nkhaniyi ikanathera pomwepo.

Patapita miyezi ingapo madzi anayamba kuchedwa kutentha, ndipo munthu wachitatu kulowa m'bafa ankawapeza atayamba kale kuzizira. Apa ndi pamene ndinabwereka makwerero n'kukwera kudenga, ndipo nditazimitsa magetsi ndinatsegula kachivundikiro ka kumapeto kwa giza, n'kupotokola themositati, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa elementi malinga ndi kutentha kwa madzi, kufikitsa pothera, kupitirira madigiri 70. Ndinatsika ndikudziona ngati katswiri, chifukwa mawa lake madzi anatentha kwambiri. Koma kunali kuthira mafuta pamoto. Madzi akamatenthedwa kupitirira madigiri 60 makoko a laimu amachuluka msanga, dzimbiri limagwira ntchito yake mofulumira, ndiponso magetsi amapita ambiri chifukwa thanki yotentha kwambiri imataya kutentha kochuluka ngakhale pamene palibe amene akutunga. Mayunitsi anayamba kutha msanga, ine n'kumaimba mlandu ana kuti akuchedwa m'bafa. Tsiku lina mwana wathu wamng'ono anatsegula mpopi wa madzi otentha pa sinki, dzanja lake n'kufiira mpaka kutuluka thuza, chifukwa madzi otentha chotero amaotcha khungu la mwana m'kuphethira kwa diso. Ndinamva chisoni, ndinamudzudzula kuti azisamala, koma themositati sindinaibweze.

Cholakwa chachikulu kuposa zonse chinabwera pambuyo pake. Kunja kwa nyumba, pansi pa denga, kunali timapaipi titatu totulukira kukhoma, ndipo kamodzi kankadontha tsiku lililonse. Nditakweza themositati kudonthako kunawonjezeka, khoma n'kuyamba kumera ndere. Ndinaona ngati ndikutaya madzi olipira, choncho ndinagula kachitsekero n'kutseka kapaipiko mothinitsa bwino, ndipo ndinakondwa kuona khoma likuuma. Ndikanafunsa ndikanauzidwa kuti madzi akatenthedwa amafufuma, moti malita 150 akachoka pozizira kufika pa madigiri 60 amawonjezera malita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo popeza thanki ndi yotsekeka, madzi owonjezerawo amayenera kukhala ndi potulukira. Kapaipi kaja kanali kochokera ku valavu yochepetsa mphamvu ya madzi, ndipo kudontha pang'ono pamene giza ikutenthetsa inali ntchito yake yeniyeni. Nditakatseka, nthawi iliyonse elementi ikayaka thanki inkakankhidwa kuchokera mkati ndi mphamvu yoposa imene inayenera kusenza tsiku ndi tsiku. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti giza imakhalanso ndi valavu yachiwiri, yachitetezo, imene imatseguka yokha mphamvu ya madzi ikakwera mopitirira muyeso kapena madzi akayandikira kuwira, ndipo kapaipi kake sindinakakhudze. Ndikanatseka tonse tiwiri, themositati n'kulephera kuzimitsa elementi, thanki yotsekeka chotero imatha kuphulika ndi mphamvu yokhoza kugumula denga. Mpaka lero ndikakumbukira kuti pansi pa gizayo pankagona ife, thupi limachita tsembwe. Kapaipi kotulutsa madzi a giza sikatsekedwa ngakhale zitavuta bwanji. Ngati kakuthira madzi osalekeza usana ndi usiku, ndiye kuti valavu yatha ndipo iyenera kusinthidwa.

Kumayambiriro kwa chaka chachisanu ndi chimodzi madzi anasiyiratu kutentha. Ndinaitana mnyamata wina wodziwa zamagetsi amene anakhuthula thanki, n'kutsika ndi elementi yakale kudzandionetsa. Inali itakutidwa ndi makoko oyera ochindikala ngati chala, ndipo penapake inali itang'ambika. Elementi yokutidwa chotero imalephera kupereka kutentha kwake kumadzi, choncho imatentha mopitirira muyeso mpaka kupsa. Mnyamatayo anangoti, "Madzi anu ndi oipa, bambo," ndipo ine sindinafunse china chilichonse, ngakhale kuti thanki inali yotsegula ndipo umenewo unali mpata wabwino woona zonse za mkati. Safunsa anadya phula. Atamanga elementi yatsopano anatsegulira madzi, n'kunena kuti ndidikire thanki idzaze ndisanayatse, kenako anathamangira ntchito ina. Ndinadikira mphindi zochepa, ndinamva madzi akulowa, ndipo chifukwa chofunitsitsa kusamba madzi otentha ndinakweza swichi. Elementi imapangidwa kuti izigwira ntchito itamira m'madzi, ndipo ikayatsidwa pouma imapsa pa kanthawi kochepa kwambiri. Yanga yatsopanoyo inafa tsiku lomwelo isanatenthetseko ngakhale kapu ya madzi. Ndinagula yachiwiri, ndinalipiranso ntchito, ndipo tinakhala masiku ena anayi tikudikira kuti mnyamatayo apeze nthawi. Njira yodziwira kuti thanki yadzaza ndi yapafupi: mumatsegula mpopi wa madzi otentha n'kudikira mpaka utasiya kulavula mpweya, madzi n'kumatuluka mosadukiza. Pokhapo ndi poyatsira magetsi.

Chenjezo lomaliza linali mtundu wa madzi. M'mawa madzi oyamba a ku mpopi wotentha ankatuluka ofiirira, pomwe a ku mpopi wozizira anali oyera. Ndinaganiza kuti ndi dothi la m'mapaipi a mumsewu, osalingalira kuti likanakhala la mumsewu likanaoneka m'mipopi yonse iwiri. Linali dzimbiri la thanki yathu yomwe, imene inali ikudyeka mkati.

Usiku wake ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko nditamva madontho ofunda akugwera pabulangete. Ndisanamvetse chimene chikuchitika, bolodi la siling'i linapindika n'kugwera kumiyendo kwa bedi pamodzi ndi madzi ambiri. Mutu unaima. Ndinayamba kuthamangira ndowa, koma amayi a kunyumba ndiwo anaganiza msanga, nakuwa kuti, "Zimitsani magetsi onse kaye, madzi afika pa mawaya!" Anathamanga okha kukatsitsa swichi yaikulu, tinatsala mumdima ndi tochi ya pafoni. Kenako ndinazindikira kuti sindikudziwa pamene pali valavu yotsekera madzi olowa mu giza, ndipo popeza thanki yobooka imangolandirabe madzi atsopano, kuthira kwake sikukanatha kokha. Ndinatuluka panja kukafuna valavu yaikulu ya pa mita, ndinaipeza itauma chifukwa inali isanapotokoledwe kwa zaka, ndipo ndinalimbana nayo ndi pulayala mpaka inalola. Zonsezi zinatenga pafupifupi theka la ola, madzi akungothira. Ana anaima m'khonde atafunda zofunda zawo, akundiyang'ana ngati munthu amene ayenera kudziwa chochita, ine ndikusowa pogwira.

Kutacha kunabwera pulambala wachikulire amene mnansi wathu anatilozera. Anakwera m'denga, anakhalamo nthawi yaitali, ndipo atatsika sananene zambiri, anangondipempha kuti tizungulire kuseri kwa nyumba. Atafika pa kapaipi kaja analoza kachitsekero n'kufunsa kuti, "Bambo, ichi anaika ndani?" Ndinavomera ndi mawu otsika kuti ndine. Anapukusa mutu osandidzudzula, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa mawu. Anandionetsanso kapaipi kachitatu, kochokera ku thireyi imene imaikidwa pansi pa giza kuti izilandira madzi ikayamba kuchucha. Kanali katatsekeka ndi fumbi ndi zisa za mavu, choncho thireyi inadzaza n'kusefukira pa siling'i. Iye anati thanki iyenera kuti inali itayamba kuchucha masabata angapo m'mbuyomo, ndipo kapaipiko kakanakhala kotseguka ndikanaona madzi akutsika kukhoma nthawi ikadalipo.

Atatsitsa giza pansi anamasula chitsulo china ndi sipanala yaikulu, n'kusolola kawaya kadzimbiri kowonda ngati sipoko ya njinga, kokhala ndi tizibulu towerengeka tomatirira. "Ndodo iyi munaisinthapo liti?" anafunsa. Ndinati, "Ndodo yanji, achikulire?" Apo ndi pamene anakhala pansi n'kundifotokozera chinthu chimene ndikanayenera kudziwa tsiku loyamba. Thanki ya giza ngati yathuyo ndi yachitsulo, ndipo mkati mwake amaikuta ndi galasi lopyapyala kuti madzi asakhudze chitsulocho. Galasilo silikhala langwiro, limakhala ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, makamaka m'malo owotcherera, ndipo timing'aluto timakula thanki ikamafutukuka ndi kubwerera. Pofuna kuteteza malo amenewa opanga amaikamo ndodo yotchedwa anodi, ya magineziyamu kapena aluminiyamu, yonenepa kuposa chala chachikulu ikakhala yatsopano. Zitsulo zimenezi zimadyeka msanga kuposa chitsulo cha thanki, choncho malinga ngati ndodoyo ilipo, dzimbiri limadya iyo n'kusiya thanki. Ikatha, limatembenukira ku thanki. Yathu inali itatha kalekale, ndipo mphamvu ya madzi imene ndinaitsekera mkati inangomaliza ntchito pamsoko umene unali utadyeka kale. Pambuyo pake ndinawerenga kuti nzeru imeneyi ndi yakale, pakuti mu 1824 Humphry Davy anaonetsa kuti kumamatiza zidutswa za zinki kapena chitsulo pa kopa wokutira zombo za nkhondo za Britain kunkateteza kopayo kuti asadyeke ndi madzi a m'nyanja. Anthu akhala akudziwa izi kwa zaka 200, pomwe ine ndinali ndi ndodo yotere m'denga mwanga osadziwa kuti ilipo. Titapendeketsa thanki munatuluka makoko ndi mchenga zokwana ndowa imodzi ndi theka.

Madzulo ake ndinafufuza kabuku kaja m'dirowa ndi chiyembekezo cha galanti. Inali itatha chaka ndi miyezi 8 m'mbuyomo, koma ngakhale ikanakhala isanathe sikanandithandiza, chifukwa munalembedwa momveka kuti anodi iyenera kuonedwa pa nthawi yake ndiponso kuti timapaipi totulutsa madzi tisatsekedwe. Zonse zimene achikulire aja anandiuza zinali m'masamba anayi oyambirira.

Ndalama zinapita motere: giza yatsopano, mavalavu onse awiri, thireyi, ntchito ya pulambala, wamagetsi wodzaona mawaya amene ananyowa, mabolodi 6 a siling'i, penti, ndi matiresi. Nditaphatikiza, zinaposa kawiri mtengo wa giza yokhayo, osawerengera maelementi awiri aja, pomwe ndodo ya anodi mtengo wake sunkafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa giza. Tinakhala masiku 19 tikutenthetsa madzi osamba mumphika, mwa zina chifukwa ndinayenera kuyamba ndapeza ngongole, ndipo tinagona pabalaza kwa mwezi wathunthu podikira kuti matabwa a m'denga aume asanakhome siling'i ina. Zikalata za sukulu zimene zinali pamwamba pa wadiropu zinanyowa, ndipo zina inki yake inafufutika. Amayi a kunyumba sanandikumbutse n'kamodzi komwe za phokoso lija, koma ndinkadziwa kuti akulikumbukira.

Tsiku loika giza yatsopano ndinakwera nawo m'denga achikulire aja n'kumafunsa chilichonse. Chifukwa cha mantha a zimene ndinachita kale, ndinawapempha kuti themositati aiike pa madigiri 45, kuti thanki isavutike ndiponso magetsi asamathe. Anakana. Anati madzi ofunda osatentha kwenikweni ndi malo abwino oswanirana tizilombo totchedwa Legionella, timene timakula bwino pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo munthu akapuma timadontho ta madzi otere posamba pa shawa amatha kudwala chibayo choopsa. Matendawa anadziwika mu 1976 pamene anthu ambiri amene anali pa msonkhano wa American Legion mumzinda wa Philadelphia anadwala, ena n'kumwalira. Pa madigiri 60 tizilomboti timafa, ndipo makoko sachuluka msanga ngati mmene amachitira kupitirira apo, choncho anaiika pa 60. Pofuna kuteteza ana anaika valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira pa paipi yopita kubafa, kuti m'thanki akhale otentha koma potuluka asaotche. Anandigwiritsanso ndi dzanja langa valavu yotsekera madzi olowa, n'kunena kuti aliyense wamkulu m'nyumba aidziwe pamodzi ndi swichi ya giza, ndipo ndizikaipotokola mwa apo ndi apo kuti isaume.

Chitatha chaka ndinatsuka thanki ndekha koyamba, mtima uli m'mwamba. Ndinatsitsa swichi ya giza madzulo a dzulo lake kuti madzi akhale atazizirako, ndinamata kapepala pa swichiyo kuti wina asaikweze, ndinatseka valavu ya madzi olowa, ndinalumikiza hozipaipi ku valavu yokhuthulira n'kuitulutsira panja, ndipo ndinatsegula mpopi wa madzi otentha m'bafa kuti mpweya uzilowa, pakuti popanda kutero madzi amatuluka monyinyirika. Oyamba anatuluka oyera, ine n'kuganiza kuti ndadzivutitsa pachabe, koma chakumapeto anasanduka otuwa, ndipo pansi panayamba kuunjikana tizidutswa toyera tonga zikamba za dzira. Thanki itatha ndinatsegula madzi olowa kwa masekondi angapo n'kutseka, katatu kapena kanayi, kuti avundule zotsalira pansi, mpaka otuluka anayera. Kenako ndinatseka pokhuthulira, ndinatsegula madzi olowa, ndipo ndinaima pa mpopi wa m'bafa kumvera ukutsokomola mpweya kwa mphindi zambiri. Ulendo uno sindinafulumire. Utayamba kuthira mosadukiza ndinautseka, ndinakwera kukaona ngati pali pochucha, ndipo ndinakweza swichi pomaliza. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya makilowati 3 imatenga maola awiri ndi mphindi ngati 20. Chiwerengero chimenechi ndimachisunga m'mutu, chifukwa tsiku limene giza idzayambe kuchedwa kwambiri kuposa apo ndidzadziwa kuti chinachake chalakwika, ndipo sindidzathamangiranso ku themositati.

Valavu yachitetezo ndimaiyesa kawiri pachaka potukula kachigwiriro kake pang'ono, nditaonetsetsa kuti kunja palibe amene waima pansi pa kapaipi. Madzi ayenera kutuluka mwamphamvu n'kusiya ndikangokasiya. Amene giza yake yakhala zaka zambiri valavu imeneyi isanakhudzidwe achite izi pulambala ali pomwepo, chifukwa valavu yokalamba ikatsegulidwa nthawi zina imakana kutsekekanso. Tsiku lomwelo ndimathira jagi ya madzi mu thireyi n'kutuma mwana kukaona ngati atulukira kunja. Ntchito ya anodi yokha ndimaisiyira achikulire aja, popeza imathina kwambiri ndipo m'denga mwathu malo ndi ochepa. Titaisolola patatha zaka ziwiri inali itadyeka pafupifupi theka, yokumbikakumbika ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe, ndipo iwo anati madzi athu amaidya msanga, tisayembekeze zaka zinayi kapena zisanu zimene imatha kukhala kwina. Tinaisintha m'chaka chachitatu. Nthawi ina titabwera ku ulendo wa masabata atatu, giza ili yozimitsa, madzi otentha anatuluka ndi fungo la mazira owola, limene limabwera tizilombo tina ta m'madzi ongokhala tikakumana ndi magineziyamu wa ndodoyo. Ndinawaimbira foni ndili ndi nkhawa, ndipo anandiuza kuti ndikhuthule thanki, ndiidzazenso, ndiisiye ifike pa madigiri 60 wina asanasambe, ndipo fungolo likapitirira tidzaike ndodo ya aluminiyamu yosakaniza ndi zinki. Linatha lokha.

Giza yachiwiriyi tsopano yakwanitsa zaka 5. Mwezi watha ndinakwera kukaitsuka, ndipo munatuluka makoko osadzaza n'komwe kapu ziwiri. Pathupi pake ndimalembapo ndi cholembera chosafufutika tsiku lililonse limene ndaitsuka kapena tasintha ndodo, ndipo mizere yafika 7. Ndodo ya chaka chamawa ndinagula kale, ili pamwamba pa wadiropu, pambali pa kawaya kadzimbiri kaja, kamene achikulire anandisiyira tsiku lija atakakulunga m'nyuzipepala.